Ankafuna Dzina la Mayi wa mu Kanema

Anabwera Lachiwiri m'mawa, nyengo ya mphepo ya mwera, ine ndili pakhonde kwathu ku Khuyu ndikumeta ndevu. Anali awiri, onse a yunifolomu. Wamkuluyo anali sajeni, ndipo nkhope yake ndinkaidziwa, poti pachilumba pathu pa Likoma mlendo satha sabata asanadziwike. Anaodira bwinobwino ngati anthu odzapala moto.

"Mwadzuka bwanji, akazitape?"

Ndinaseka. Dzina limenelo anthu anandipatsa kalekale, pamene ndinkasewera kazitape m'sewero lina la pa kanema. Ndinawatulutsira mipando koma sanakhale.

"Akukufunani ku Chipyela," anatero asajeni. "Tengani foni yanu. Mutengenso juzi."

"Akundifuna ndani?"

"Ifenso tangouzidwa pa foni."

Tsaya limodzi ndinali ndisanalimete. Ndinangolipukuta ndi thaulo, n'kutseka chitseko, ulendo.

Ndinene kaye za ntchito yanga, kuti zomwe zikubwerazi zimveke, ngakhale ine mwini wake sindinazimvetse zonse. Sewero la ukazitape lija linatha zaka zapitazo, ndipo pothera pake kazitape wanga anamira m'madzi dziko lonse likuonera. Zitatero ndinalowa pulogalamu ya nthabwala za ndale, imene inkaonetsedwa usiku ana atagona. Ntchito yanga kumeneko inali kutsanzira mawu a akuluakulu a boma. Ndinkayankhula nkhope ili gwa, osamwetulira ngakhale pang'ono, anthu a muholo n'kumagubuduka ndi phwete. Munthu wa ntchito yotere amakhala akudziwa kuti tsiku lina adzamuitana. Choncho m'njira yonse yopita ku Chipyela sindinkafunsa kuti ndalakwanji. Ndinkangodzifunsa kuti mwa nthabwala zonsezo, yapweteka ndi iti, ndipo yapweteka yani.

Anandilowetsa m'nyumba ina ya boma imene sindiitchula. Anatenga foni, lamba ndi zingwe za nsapato. Kachipinda kake kanali ndi mphasa, ndowa pakona, ndi kazenera kamwamba kamene kankangoonetsa nthambi ya mlambe. Masana asajeni analowa, n'kukhala pa mpando pakhomo, n'kutulutsa foni yawo.

"Uyu ndinu?"

Ndinali ine. Ndinali nditaima pa mwala kunyanja kwathu, mapiri a ku Mozambiki akuoneka bwinobwino kumbuyo kwanga, ndikuyankhula chapansipansi.

"Katundu aoloka Lachisanu pa bwato," ndinkatero mu kanemayo. "Anduna sakudziwa kanthu."

"Nanga akadziwa?" ankafunsa mayi wina amene sankaoneka.

"Akadziwa, mawa lake sakhalanso nduna."

"Anthu athu a kutsidya akonzeka. Usachedwe."

Kanemayo anathera pomwepo. Ndinapumira m'mwamba, mtima n'kukhala pansi, chifukwa iyi inali nkhani yosavuta kufotokoza. Ndinawauza asajeni kuti mkulu wa sewero lakale lija anandiimbira kuti akufuna kuliyambiranso, ndipo kazitape uja adzapezeka kuti sanafe. Anandipempha kuti ndijambule kachigawo kamodzi pa foni ndimutumizire, aone ngati nkhope yanga sinakalambe kwambiri. Anandichenjezanso kuti ndisauze munthu, poti ankafuna anthu adzadzidzimuke tsiku loyamba.

"Ndiye si nthabwala?" anafunsa asajeni.

"Ayi, ndi sewero."

"Ndinaona ndithu kuti si nthabwala. Palibe amene akuseka." Anaika foni m'thumba. "Komatu anthu kumtunda akuti inu mumanena zoona mukuseka, ndiye ulendo uno mwanena zoona osaseka."

"Ndiye ndamangidwa chifukwa cha sewero kapena chifukwa cha nthabwala?"

"Simunamangidwe. Tangokusungani."

Anatseka chitseko ndi loko.

Chimene sindinawauze ndi chakuti mayi wosaonekayo anali achemwali anga. Ndi akulu kwa ine, amuna awo anamwalira, ndipo ndiwo anandilera mayi athu atamwalira, bambo atatchona ku Zimbabwe. Tsiku lojambulalo ndinkafuna munthu wogwira foni ndi kuwerenga mawu a mnzake wa kazitape, ndiye ndinawachotsa pa thandala la usipa. Anawerenga bwino kuposa ena amene ndinagwira nawo ntchito mutauni. Atatha ananyadira kwambiri, mwakuti anatumiza kanemayo kwa amayi anzawo a kwaya, atalemba pansi pake kuti onani mlongo wanga wabwerera ku sewero. Kuchoka pamenepo kanemayo anayenda foni ndi foni mpaka m'matauni a kumtunda, ndipo mawu olembedwa aja anatsala m'njira.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinawamva akubwera, akadali kumsewu. Achemwali anga ndi otsogolera nyimbo m'kwaya ya tchalitchi chachikulu, ndipo akamayankhula pa msika wa ku Chipyela asodzi amamva ali pa bwato.

"Mwamuika kuti mlongo wanga? Waba chiyani? Inu asajeni, akazi anu timaimba nawo limodzi, lero mukutsekera mwana wa m'nyumba mwanga osandiuza?"

Asajeni anali ataima pakhomo la kachipinda kanga, atabweretsa madzi. Anamvetsera mawuwo. Kenako anayang'ana thumba lawo mmene munali foni, n'kuyang'ana ine. Apo ndiye ndinakumbukira mawu aja akuti anthu athu a kutsidya akonzeka. Achemwali amaoloka kupita kutsidya ku Mozambiki pafupifupi sabata iliyonse. Amapititsa sopo ndi shuga, n'kubwera ndi nkhuni ndi mpunga, monga achitira amayi ambiri kwathu kuyambira makedzana, popanda wowafunsa. Kwa ife ndi malonda chabe. Koma munthu wochokera kutali, atamva mawu amenewo n'kumvanso za maulendo amenewo, akanawaona bwanji?

Masiku otsatira palibe anandifunsa kanthu. Ndinkafunsa mlandu wanga, ankati bwana akubwera pa sitima. Ndinkafunsa bwana wake uti, ankati ndidzamuona. Wa yunifolomu wamng'ono uja ankabwera pakhomo kudzandifunsa kuti kodi kazitape anapulumuka bwanji m'madzi muja, poti iye anaona ndi maso ake thovu likutuluka. Ndinkamuyankha kuti nanenso sanandiuze. Sankakhulupirira, ankati ndikubisa.

Sitima inafika Loweruka. Bwanayo anali munthu wamfupi, wa jekete lakuda, woyankhula mofatsa, ndipo mpaka lero sindidziwa ofesi imene inamutuma. Anandiitanitsa m'chipinda china mmene munali tebulo ndi mipando iwiri. Asajeni anaima pakhomo. Bwanayo anandigwira chanza ndi manja awiri.

"Ine ndine mmodzi wa anthu okukondani," anatero. "Akazi anga amadandaula kuti ndimagona mochedwa chifukwa cha inu."

Ndinathokoza. Anaika foni pa tebulo, tinaonera kanema uja, n'kubwerezanso.

"Nduna yake iti?"

"Ya m'sewero, bwana."

"Ya dziko liti?"

"Dziko la m'sewero lilibe dzina."

"Ndiye mapiri ali kumbuyo kwanuwa ndi a dziko lopanda dzina?"

"Amenewo ndi a ku Mozambiki. Kwathu kuno kulikonse kumene mungaime kunyanja ya kum'mawa amaoneka."

"Katundu wake ndi wanji?"

"Sindikudziwa. Anangonditumizira kachigawo kameneka basi."

"Mukuolotsa katundu amene simukumudziwa."

"Sindikuolotsa kanthu, bwana. Ndi sewero. Muimbireni mkulu wa sewerolo, nambala ili m'foni mwanga."

Anamwetulira. "Ndinamuimbira kale ndisanakwere sitima. Ndinamufunsa ngati inu mukubwerera ku sewero lake. Anandiyankha kuti zimenezo ndi mphekesera, kazitape uja anafa ndipo akufa sabwerera. Nanenso ndinaonera, bambo. Munamira."

Pambuyo pake ndinadzamva kuti mkulu uja ankayesa woimbayo ndi mtolankhani wofuna kuulula chinsinsi cha sewero, ndiye anakana monga ankakanira kwa aliyense. Koma tsiku limenelo sindinkadziwa zimenezo. Ndinayamba kudzikayikira ndekha, ngati munthu amene anandiimbira uja analidi iyeyo, ngati mawu aja analidi a sewero, ngati wina sananditchere msampha. Munthu ukakhala m'kachipinda kotseka umatha kukhulupirira chilichonse.

Kenako bwanayo anasintha nkhani. Anatchula nduna ina imene ndinkakonda kuitsanzira, n'kundipempha kuti ndimuchitireko pang'ono, akakhale ndi chokasimba kwawo. Ndinakana mwaulemu. Anapemphanso, ndipo ulendo wachiwiriwu sikunali kupempha. Ndinaimirira, ndinatulutsa mimba, ndinakoka mawu m'mphuno monga imachitira nduna ija, ndinalonjeza anthu mlatho wochoka ku Likoma kukafika kumtunda. Bwanayo anaseka mpaka kupukuta misozi. Atatha kuseka anaimirira, anavula jekete, analipachika bwinobwino pa mpando.

Zimene zinachitika masana amenewo sizifuna mawu ambiri. Asajeni ndiwo anandigwira manja. Khutu langa lakumanzere silimva bwino mpaka lero.

Atavalanso jekete anakhala pansi n'kunena, mofatsa momwe muja: "Za nthabwala tathana nazo. Za kanemayu, ine ndikufuna chinthu chimodzi. Inu ndinu wa masewero, mwina anangokugwiritsani ntchito. Koma mayi uyu akuyankhula Chinyanja cha pachilumba pano, ndipo ndiye akupereka malamulo. Ndipatseni dzina lake, mupite kwanu. Sitima ikamabwerera ndikwera ndi iyeyo, kapena ndi inu, kapena nonse awiri."

Ndinangoti chete.

"Fisi akagwa m'mbuna sayankhula, eti? Chabwino. Nthawi ilipo."

Akunditulutsa kupita ku kachipinda kanga, ndinawaona achemwali atakhala pansi pakhonde, bakuli ili pamiyendo. Bwanayo anali kumbuyo kwanga, ndipo ndinkadziwa kuti achemwali akangoona nkhope yanga mmene inalili, chilumba chonse chimva. Anandiyang'ana. Koma anali atakulunga nsalu m'khosi, ndipo anangogwada n'kupereka bakuli kwa asajeni ndi manja awiri, osatulutsa liwu.

"Awa ndani?" anafunsa bwanayo.

"Alongo awo, bwana," anatero asajeni. "Adwala pakhosi. Mwerawu wagwetsa anthu ambiri."

Bwanayo anawapatsa moni. Iwo anawerama n'kuomba m'manja pang'onopang'ono.

Sindidziwa amene anawauza kuti atseke pakamwa. Ndinawafunsapo pambuyo pake, anati palibe, koma ndimakayika. Ngati anali asajeni, ndiye kuti munthu yemwe uja anandigwira manja masana ndi amene anapulumutsa achemwali anga m'mawa wa tsiku lomwelo. Ndinakhala pa mphasa ndikuyesa kulumikiza zinthu ziwirizi, zosalumikizika. Nthawi zina ndinkaganiza kuti ndi munthu wabwino wogwidwa ndi ntchito. Nthawi zina ndinkaganiza kuti akungodikira kuti ine ndiname kaye, kenako adzaulule zonse bwana amuyamikire. Ndinkawayang'ana kumaso akabwera ndi madzi, koma nkhope yawo sinkanena kanthu.

Lamulungu m'mawa belu la tchalitchi chachikulu linalira. Wa yunifolomu wamng'ono uja anandiuza kuti bwana wapita kukapemphera, ndipo amupatsa mpando wa kutsogolo ngati mlendo. Ndinatsamira khoma pansi pa kazenera, khutu labwinolo ndikulozetsa kunja. Mphepo ikamachokera kumeneko nyimbo zimamveka. Kwaya inayamba, koma inayamba mozengereza, ngati aliyense akudikira mnzake. Mawu amene ndakhala ndikuwamva pamwamba pa mawu ena onse kuyambira ndili mwana panalibe. Ndinadziwa kuti tchalitchi chonse chazindikira, ndipo ambiri mwa iwo kanema uja anali naye m'mafoni mwawo. Amayi a kwaya okha anali okwana kudzaza bwato. Aliyense wa iwo akanatha kupita kwa mlendo uja potuluka n'kumunong'oneza. Ndinakhala ndikudikira phazi pakhomo mpaka dzuwa linapendeka, ndipo silinabwere.

Mwera unakula sabata imeneyo, sitima inachedwa. Bwanayo ankandiitana m'mawa uliwonse. Tsiku lina ankandipatsa tiyi, n'kumandifunsa za anthu a pa kanema, kuti uje ndi uje ndi okwatiranadi kapena ayi. Tsiku lina jekete linkapachikidwa pa mpando. Sindinkatha kudziwiratu kuti lero ndi tsiku liti. Anayendanso m'midzi, ku Mbungo ndi kwathu ku Khuyu, akumvetsera anthu kanemayo. Kulikonse ankamuyankha kuti mawuwo ndi achilendo, mwina ndi a kutsidya. Koma ndinkadziwa kuti chinthu chodziwa anthu ambiri chotero sichikhalitsa. Panangofunika woledzera mmodzi, kapena mayi mmodzi amene anakanganapo ndi achemwali pa msika, ndipo amene anakangana nawo si ochepa.

Lachinayi bwanayo anandiuza kuti wapempha abusa kuti amusonkhanitsire amayi onse a malonda a kutsidya, aliyense adzawerenge mawu aja pamaso pake. Odwala pakhosi adzawadikira achire.

Sindinakonzekere zimene ndinayankha. Zinangotuluka.

"Musavutitse anthu, bwana. Mayi ameneyo kulibe. Ndi ine ndemwe."

Anandiyang'ana.

"Ntchito yanga mukuidziwa. Ndinalibe wondithandiza, ndiye ndinajambula kaye mawu a mayiyo pa foni ina, n'kumawaseweretsa ine ndikuyankha. A masewero timatero."

"Foni inayo ili kuti?"

"Inagwera m'madzi tsiku lomwelo."

"Nanga yojambulayi anagwira ndani?"

"Ndinaiika pa mwala."

"Chithunzichi chikugwedera. Mwala umagwedera?"

Amene anayankha ndi asajeni, ali pakhomo pomwe paja.

"Mwera wa kuno, bwana, umagwedeza ndi mapiri omwe."

Bwanayo sanaseke. Anafunsa chifukwa chimene sindinanenere zimenezi poyamba pomwe. Ndinati ndinkachita manyazi, bambo wa ndevu kuyankhula ngati mzimayi. Anatsamira mpando n'kupinda manja.

"Chitani timve."

Achemwali anga ndinayamba kuwatsanzira ndili kamwana, ndisanadziwe n'komwe kuti nduna ndi chiyani. Akatituma kunyanja kukatsuka mbale, ine ndinkabisala kuseri kwa nyumba n'kumaitana anzanga ndi mawu awo, iwo n'kumathamanga ndi mantha. Anandikwapulapo kangapo chifukwa cha zimenezo. Koma papita zaka zambiri, mawu anga analemera, ndipo m'kamwa munali mutatupa. Ndinadziwanso kuti iwo ali pakhonde ndi bakuli yawo, zenera lili lotsegula, ndipo amva zonse.

Ndinatseka maso. Ndinawaona mmene amaimira, dzanja limodzi m'chiuno, chibwano chili m'mwamba. Mawu awo sachokera pakhosi, amachokera pachifuwa, ndipo mawu omaliza amawakankha ngati akutseka chitseko. Ndinati: "Nanga akadziwa?" Ndinadikira pang'ono, n'kunena: "Anthu athu a kutsidya akonzeka. Usachedwe."

M'chipindamo munali zii. Moyo wanga wonse ndikatsanzira munthu ndinkadziwa ngati ndakhoza chifukwa cha kuseka kwa anthu. Apa panalibe chondiuza.

Bwanayo anaseweretsa kanemayo. Anati ndibwereze. Anaseweretsanso, ndinabwerezanso. Anandiuza kuti ndinene mawu ena, alionse, ndi mawu a mayi yemweyo. Zimene zinabwera m'kamwa mwanga ndi zimene achemwali ankandiuza ndikamapita kusukulu kumtunda, kuti ndisamwe madzi a pa sitima, ndisabwereke nsapato za anzanga, ndikafika ndiwadziwitse. Ndili m'kati monena ndinamva misozi ikutsika, ndipo sindinaipukute poopa kuti mawu angasokonekere.

"Asajeni," anatero bwanayo, "inu ndinu wa kuno. Mukumva bwanji?"

Ndinali ndisanatsegule maso. Ndinamva asajeni akusuntha phazi.

"Ndi mawu amodzi, bwana."

Nditatsegula maso, bwanayo sankayang'ana ine. Anali ataima pa zenera, akuyang'ana pakhonde pamene panakhala achemwali. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga foni yake pa tebulo, n'kuiika m'thumba la jekete.

"Muli ndi luso, bambo," anatero. "Musamaliwononge."

Anatuluka. Sindinadziwe ngati wakhulupirira, kapena wadziwa zonse n'kungotopa nazo, kapena wapita kukakonza zomanga tonse awiri. Amayi a malonda aja sanaitanidwe. Inenso sindinaitanidwenso. Ndinangokhala m'kachipinda muja, ndikumva mphepo ikuchepa tsiku ndi tsiku, ndikudziwa kuti ikaleka sitima ibwera.

Inabwera Lachiwiri masana. Ndinamva kulira kwake, phokoso la anthu otsikira kudoko, mawilibala, ana. Ndinavala juzi, ndinapinda mphasa, ndinakhala pafupi ndi chitseko. Ndinkapemphera chinthu chimodzi chokha, kuti akanditulutsa ndisakapeze achemwali ataimikidwa panja ndi kachikwama. Mapazi anadutsa pakhomo kangapo osaima. Patapita nthawi sitima inaliranso, ndipo ulendo uno kulirako kunkamka kutali.

Asajeni anatsegula loko. M'manja munali lamba wanga, zingwe za nsapato ndi foni.

"Pitani kwanu."

"Bwana uja?"

"Wakwera."

"Wati chiyani za ine?"

"Sananene kanthu."

"Nanga mlandu?"

"Anatiuza kuti tikusungeni mpaka abwere. Anabwera, wapita. Zoti tipitirize kukusungani sanatiuze." Anayang'ana pansi. "Khutulo mukaonetse kuchipatala."

Ndinkafuna kuwafunsa zambiri, ndinkafunanso kuwalavulira. Ndinangolandira lamba wanga n'kuthokoza, ndipo mpaka lero zimandinyansa kuti ndinathokoza.

Anthu amandifunsa kuti ufulu unakoma bwanji tsiku limenelo, ndipo amayembekeza yankho lokoma. Ine sindinaumve kukoma. Munthu amene wauzidwa mlandu wake, akamasulidwa amadziwa kuti chatha ndi chakuti. Ine sanandiuze chimene anandigwirira, sanandiuzenso chimene ananditayira, ndiye sindidziwa choti ndizipewa. Ku pulogalamu ya usiku ija ndinabwererako kanthawi, koma nduna ija sindinaitsanzirenso, ndipo palibe anandiletsa. Anthu akaseka ndinkayang'ana m'holo kufunafuna jekete lakuda. Sewero la ukazitape ndinakasewera ndithu, mkulu uja atapepesa ndi misozi. Kachigawo kaja anakachotsa, ndipo tonse tinagwirizana nazo popanda wonena chifukwa. Ndi mmene ndakhalira kuyambira pamenepo. Ndimayenda kulikonse kumene ndafuna, koma ndisanayankhule ndimayamba ndayang'ana amene ali pakhomo.

Zimenezo ndi zanga, ndipo ndinadziputira ndekha posankha ntchito. Chimene sindichiiwala ndi ulendo wobwerera ku Khuyu madzulo amenewo.

Achemwali anali pakhonde, nsalu ija ili m'khosi. Anaimirira, anandigwira tsaya lotupalo, n'kunyamula bakuli yawo. Tinadutsa pa msika. Amayi ankatiyang'ana, ena ankaweramitsa mitu, wina anandipatsa nthochi osanena kanthu. Achemwali ankangoyenda patsogolo. Tinadutsa tchalitchi, tinadutsa masitolo, tinalowa njira ya m'minda ya chinangwa. Ndinawauza kuti apepese amayi a kwaya m'malo mwanga. Sanayankhe. Ndinayesa kuwaseka, ndinati kodi ndinawatsanzira bwino kapena ndinawanyozetsa. Sanayankhenso. Ndinaganiza kuti andikwiyira, ndipo anali ndi chifukwa.

Titapitirira nyumba yomaliza anaima. Anayang'ana kumbuyo, anayang'ana m'minda mbali zonse ziwiri, kenako anayang'ana kunyanja kumene utsi wa sitima unali kuzimirira. Anandiyandikira ku khutu labwinolo. Mawu amene anatuluka anali aang'ono, okhakhala, moti ndikanawamva kuseri kwa khoma sindikanadziwa mwini wake.

"Wapitadi munthu uja?"

"Wapita, achemwali."

"Sabweranso?"

"Sindikudziwa."

Anapotokola nsonga ya nsalu ija ndi zala. Mayi amene anandilera, amene sanapemphepo chilolezo kwa abusa, kwa amfumu kapena kwa malemu amuna awo, anandiyang'ana ine mlongo wawo wamng'ono n'kufunsa monong'ona:

"Ndiye nditha kuyankhula tsopano?"

Ndinati ee, yankhulani. Anagwedeza mutu kuvomera, anasenza bakuli, tinapitiriza ulendo. Mpaka tinafika kunyumba sananene kanthu.